Ananyamula katundu wa Whyte ndani?

Mafomu opemphera fellowship ku myuziyamu kapena ku malo a kafukufuku amasiyana kutalika, koma onse amene ndawerenga chaka chino amakathera pa mafunso awiri omwewo. Ukufuna kudziwa chiyani? Nanga n'chifukwa chiyani ukufuna kudzachidziwira kuno, osati kwina? Zina zonsezi, CV, masatifiketi, makalata okuchitira umboni, zimangoperekeza mafunso awiriwa. Ndipo ndikuona kuti ambiri a ife amene tikuphunzira mbiri, zilankhulo, zolembalemba ndi filosofi timagwa pa funso lachiwirilo, chifukwa timayamba tasankha dziko lomwe tikulilakalaka, kenako n'kumasakasaka mutu woti utikwezetse ndege.

Kwa amene mawuwa ndi achilendo, fellowship si sikolashipu. Sikolashipu imakulipirira sukulu kuti utenge digiri. Fellowship ya ku myuziyamu imakupatsa nthawi, tebulo, ndalama yodyera ndi yogonera, komanso chilolezo cholowa m'zipinda zosungiramo katundu momwe alendo wamba safikamo. M'zipinda zimenezo ndi momwe mumakhala zinthu zambiri, chifukwa zomwe timaona m'magalasi a chionetsero ndi kagawo kochepa chabe. Sutulukako ndi pepala lopachika pakhoma. Umatulukako ndi zomwe wapeza, ngati wapeza.

Chitsanzo chomwe chimazungulira kwambiri m'magulu athu a WhatsApp ndi cha Smithsonian Institution ya ku Washington, yomwe idakhazikitsidwa mu 1846 ndipo pansi pake pali ma myuziyamu 21, kuphatikizapo National Museum of African Art. Anthu a mayiko ena amaloledwa kupempha. Ali ndi gawo la ophunzira amene adutsa digiri yoyamba, lomwe ndi la masabata 10, gawo la amene akulemba PhD, la amene aimaliza, ndi la akatswiri okhwima. Ife a digiri yoyamba sitikwanamo, kwathu ndi ku ma internship. Koma ndimalimbikitsabe anzanga kuwerenga malangizo awo, chifukwa muli phunziro limodzi lalikulu: uyenera kutchula katswiri wa konko amene adzakhale mlangizi wako, ndipo amakuuza kuti umulembere usanatumize fomu. Ndiye kuti uyenera kudziwa zomwe zili m'nkhokwe zawo, amene amaziyang'anira, ndi pomwe funso lako likukumana ndi ntchito yake. Kungolemba kuti umakonda chikhalidwe cha Afrika sikungakufikitse patali. Akuchikonda ndi ambiri.

Ine nditawerenga zonsezo ndinaziika pambali, chifukwa funso langa silikuloza ku Washington. Likuloza ku London, ndipo lisanafike kumeneko likudzera ku Zomba, ku Blantyre ndi kumudzi kwathu.

Kwathu ndi ku Mulanje, kufupi ndi Likhubula, komwe alendo ambiri amayambira kukwera phiri. Aliyense wokulira kumeneko amaudziwa mkungudza, ngakhale amene sanauonepo uli chiimire: fungo lake lili m'timabokosi togulitsa kwa alendo, m'zitseko za nyumba zakale, m'nkhani za akuluakulu amene ankatsitsa matabwa pamutu kuchokera pamwamba. Ndi mtengo wa fuko lathu. Koma mukatsegula buku la sayansi mupeza kuti dzina lake ndi Widdringtonia whytei. Whyte ameneyo ndi Alexander Whyte, Msikoti amene adabwera mu 1891 pansi pa Harry Johnston, bwanamkubwa woyamba wa atsamunda kuno, kudzafufuza za zomera ndi zinyama. Chaka chomwecho adakwera phiri la Mulanje n'kutola masamba, maluwa ndi nthambi, zomwe zidaumitsidwa ndi kutumizidwa ku British Museum, ku gawo lomwe lero ndi Natural History Museum. Mu 1894 akatswiri a kumeneko adasindikiza zomwe adapeza m'magazini ya Linnean Society, ndipo m'modzi wa iwo, Alfred Rendle, ndi amene adaupatsa mkungudza dzina lokumbukira Whyte.

Tsono taganizani za ulendowo. Whyte anali bambo wa zaka zoposa 50. Nthawi imeneyo kunalibe msewu wa galimoto, katundu wambiri m'dziko muno ankayenda pamitu ya amtengatenga. Tenti, chakudya, mfuti, mapepala oumitsira masamba, matabwa opanikizira, zonsezo zidakwera phiri pamutu pa munthu. Wina adalondolera njira. Wina adati musadzere uku, kuli phompho. Wina adaloza mtengo n'kunena dzina lake m'chilankhulo chake, mwinanso n'kufotokoza kuti chiswe sichiudya. Dzina la sayansi lidasunga Whyte. Enawo lidawasiya panjira. Funso langa ndi limenelo: anthuwa anali ndani, ankachokera m'midzi iti, ankalipidwa chiyani, ndipo pa zomwe zidalembedwa ku London monga zotulukira za mzungu, ndi zingati zomwe adachita kuuzidwa ndi iwo?

Si funso lomwe ndidalitola m'buku. Amalume anga agwira ntchito yoperekeza alendo m'phiri kwa zaka zambiri. Aperekezapo ofufuza za mbalame, za abuluzi, za maluwa, ena mpaka pa Sapitwa, mamita 3,002. Amadziwa komwe duwa lakutilakuti limamera ndi mwezi womwe limaphuka. Ofufuzawo amabwerera kwawo, n'kulemba, n'kukwezedwa pa ntchito. Amalume amatsala ndi nsapato zomwe mlendo wawasiyira. Sindikunena kuti alendowo ndi oipa mtima, ambiri amalipira bwino ndipo ena amatumiza moni mpaka lero. Ndikungoti zomwe zidachitika mu 1891 sizidathe.

Nditawafotokozera zomwe ndikukonza, adaseka kaye. "Iwe, ukwere ndege kukafunsa azungu za phiri lomwe likuoneka pakhomo panoli?" Ndinati, "Malume, za phiri ndifunsa inu. Kwa azungu ndikukafuna mapepala." Adapukusa mutu, koma madzulo ake adayamba okha kunditchulira nkhalamba za m'midzi yozungulira zomwe makolo awo ankacheka matabwa m'phiri nthawi ya atsamunda.

Funso la amalumelo ndi lomwe lija la pa fomu, longovala zina. N'chifukwa chiyani London? Yankho lake lili m'mbiri ya mapepala athu. Mu 1919 moto udatentha ofesi yaikulu ya boma ku Zomba, ndipo zikalata zambiri za zaka zoyambirira za utsamunda zidapsera momwemo. National Archives yathu, yomwe idayamba mu 1947, ili ndi chuma chambiri, koma pa zaka za m'ma 1890 ili ndi mpata waukulu chifukwa cha motowo. Zomwe zidapulumuka ndi makalata ndi malipoti omwe adali atatumizidwa kale ku Britain. Mpaka 1904 dziko lino linkayang'aniridwa ndi Foreign Office, kenako Colonial Office, ndipo mafayilo a maofesi awiriwa ali ku National Archives ya ku Kew. Masamba omwe Whyte adatola, ndi timapepala tomata pambali pake, ali ku Natural History Museum. Makalata ambiri a amishoni a Church of Scotland, omwe adatsegulanso mishoni ku Mulanje, ali ku Edinburgh. Munthu ukalemba zimenezi pa fomu, wowerenga amaona kuti sukufuna ulendo wokaona chipale. Ukufuna bokosi lakutilakuti, ndipo ukudziwa chifukwa chake kwanu kulibe.

Koma kuti ufike ponena kuti kwathu kulibe, uyenera kuyamba wafufuza kwanuko. Apa ndi pomwe ndimasiyana maganizo ndi anzanga ena. Timakhala ku Zomba zaka zinayi osapondako ku Archives, koma usiku wonse tili pa intaneti kusaka mwayi wa ku Germany. National Herbarium ili mu Zomba momwemo, ndipo minda ya zomera ya m'tauniyi idayambira pa ntchito ya Whyte yemweyo. Ku Blantyre, m'chipinda chapamwamba cha Mandala House, nyumba yomangidwa mu 1882, muli laibulale ya Society of Malawi, yodzaza mabuku akale, zithunzi ndi magazini yawo yomwe idayamba kutuluka mu 1948 pa dzina loti Nyasaland Journal. Myuziyamu ya ku Chichiri nayo idayambira mu Mandala House momwemo isanasamukire komwe ili mu 1966. Ambiri a ife tidapitako kamodzi tili ku pulaimale, kukakwera sitima yakale ija panja n'kujambulitsa, basi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munthu amene wakhala milungu iwiri akutembenuza mafayilo ku Zomba amalemba proposal yosiyana kwambiri ndi ya munthu amene wangowerenga Wikipedia, ndipo amene amawerenga mafomuwa ndi anthu oti moyo wawo wonse authera m'mafayilo. Amamva fungo lake.

Kanthu kena kakang'ono komwe kandithandiza: makatalogi a kunja sadziwa Mulanje. Mukalemba dzinali momwe timalembera lero mupeza zochepa. Lembani Mlanje kapena Milanji, momwe ankalembera azungu a nthawiyo. M'malo mwa Malawi lembani Nyasaland, ndipo pa zaka za pakati pa 1893 ndi 1907 lembani British Central Africa. Alhomwe, omwe ambiri adalowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1900 n'kukagwira ntchito m'minda ya azungu, mafayilo amawatchula ndi dzina lija loti Anguru, lomwe agogo anga safuna n'kulimva komwe. Zimawawa kulemba dzina lonyoza agogo ako m'kabokosi kosakira, koma ndi kiyi yomwe idatsekera chitseko, ndiye ndi yomweyo ingatsegule. Zambiri mwa izi n'zaulere: Natural History Museum ili ndi katalogi ya pa intaneti, ndipo magazini akale a sayansi ngati aja a 1894 adajambulidwa ndi kuikidwa pa Biodiversity Heritage Library. Chomwe chimatha ndi bandulo.

Za ndalama ndisazembe. Pasipoti, viza, mayeso a Chingelezi omwe ena amafuna ngakhale taphunzira m'Chingelezi kuyambira Sitandade 5, zonsezi zimafuna ndalama fellowship isanakupatse ngakhale tambala, ndipo zambiri zimawerengedwa m'madola kapena m'mapaundi. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo imeneyi idatalikira mwana wa mayi wothyola tiyi. Mu Ogasiti 2025 dziko la America lidalamula kuti Amalawi ndi anzathu a ku Zambia ofuna viza yokacheza kapena ya bizinesi azipereka chikole chofika mpaka madola 15,000. Viza ya wofufuza ndi ya mtundu wina, komabe lamulolo likusonyeza momwe mphepo ikuombera. Ndiye powerenga chilengezo, funsani msanga ngati akulipira tikiti ndi viza, komanso ngati ndalamayo amapereka usananyamuke kapena amabweza pambuyo. Fellowship yobweza pambuyo ndi ya anthu omwe ali nazo kale.

Chifukwa cha umphawi womwewu, timagwa mu msampha wina. Tidaphunzitsidwa kulemba makalata opempha mogwada, ndipo sikolashipu zambiri zomwe zatifikitsa pano zinkafuna kuti tifotokoze mavuto a kwathu. Tazolowera kuyamba ndi denga lodontha. Koma woyang'anira zomera zouma ku London sakugawa chithandizo. Akufuna munthu amene adzaone m'nkhokwe mwake chinthu chomwe iye sangachione. Ndipo apa mwana wa ku Mulanje ali patsogolo, ngakhale sadziwa. Katswiri uja amadziwa Chilatini cha zomera, koma kapepala kakale kakatchula mtsinje kapena mudzi m'kalembedwe kopotoka ka mzungu wa 1891, amangokopera momwe kalili. Ine ndikhoza kulitchula mokweza dzinalo, n'kumva kuti ndi Lichenya, kapena Thuchila, kapena Ruo, n'kudziwa njira yomwe munthu amadzera kuti akafikeko ndi mudzi womwe angagone. Ndimamva Chichewa cha kum'mwera ndi Chilhomwe chapakhomo, ndipo ndili ndi anthu oti ndikawafunse. Chimenecho ndi chomwe ndikulemba pamwamba pa kalata yanga. Za denga lodontha ndazisiyira fomu ya ngongole ya sukulu.

Njira imeneyi ena adaidutsa kale. Yusuf Juwayeyi adaphunzira ku Berkeley, n'kudzakumba pa Mankhamba ku Dedza, likulu lakale la Amaravi, ndipo buku lake la 2020 limaika pamodzi zofukula pansi ndi mbiri yapakamwa ya akuluakulu. Elizabeth Gomani adali m'gulu la akatswiri omwe mu 1993 adatcha dzina loti Malawisaurus chilombo chakale chomwe mafupa ake adapezeka ku Karonga, adachita PhD ku Texas, n'kubwerera kudzatsogolera ntchito za chikhalidwe m'boma. Onse awiri adapita kunja atanyamula nkhani ya kwawo, ndipo adabwera nayo.

Pali mnzanga wina m'kalasi amene amatsutsa zonsezi, ndipo mfundo yake siyopepuka. Iye amati n'zochititsa manyazi kuti mdzukulu wa amtengatenga adzaze fomu, apeze amboni awiri, apemphe viza, kuti akaloledwe kuona zomwe zidatengedwa kwawo popanda fomu iliyonse. Amapereka chitsanzo cha chigaza cha munthu wakale chomwe chidapezeka ku Kabwe mu 1921, chomwe chili ku Natural History Museum komweko ngakhale dziko la Zambia lakhala likupempha kuti chibwerere. Amati tikamapikisana pa ma fellowship awo timawathandiza kuoneka abwino pomwe katundu akadali m'manja mwawo. Ndimamumvetsa, ndipo pa nkhani ya chigazacho ndili mbali yake. Koma ndimamufunsa kuti: ukafuna kuitanitsa katundu wako kwa munthu, umayamba bwanji usakudziwa chomwe ali nacho? A ku Zambia akutha kulimbikira chifukwa akudziwa chinthucho, chaka chake, ndi momwe chidachokera. Za ku Mulanje zomwe zili m'ma myuziyamu a ku Ulaya, ndani mwa ife angazitchule chimodzichimodzi? Wina ayenera kukalowa, kuwerenga, kujambula, ndi kubweretsa mndandanda. Mnzangayo amati ameneyo akangolawa tiyi wa kumeneko sabwerera. Pamenepo timasiyana osagwirizana, ndipo mwina tidzaweruzidwa ndi zaka.

Chomwe chimandisowetsa tulo ine ndi china. Proposal yanga ili ndi magawo awiri, la mapepala ndi la kumudzi. Gawo la kumudzi likutanthauza kukhala pakhonde ndi nkhalamba, kujambula mawu awo pa foni, kumva za makolo awo omwe ankasenza matabwa ndi katundu wa azungu, za mizimu ya m'phiri, za chakudya chomwe amati umachipeza chokonzakonza m'nkhalango ndipo suyenera kuitana mnzako, za Dziwe la Nkhalamba. Kenako ine ndidzatenge zonsezo, ndizilembe m'Chingelezi, dzina langa pamwamba, ndipite nazo patsogolo pa maphunziro. Kodi pamenepo ndasiyana chiyani ndi Whyte? Khungu lokha? Kukhala mwana wa pamudzi sikuchotsa vutoli, mwinanso kumalikulitsa, chifukwa agogo sangandikanize kapena kunditchulira mtengo monga angachitire ndi mlendo.

Ndiye ndaika zinthu zitatu m'proposal zomwe fomu sinafunse. Aliyense wondiuza kanthu adzafunsidwa ngati akufuna dzina lake lilembedwe, ndipo akavomera lidzalembedwa m'kati mwa nkhani momwe timatchulira olemba mabuku, osati kumapeto pa mzere wothokoza anthu a m'mudzi. Mu bajeti muli malipiro a wondiperekeza ndi womasulira Chilhomwe chakuya chomwe ine chimandipitirira, pa mtengo womwe mlendo amalipira, osati wachibale. Ndipo zomwe ndidzapeze zidzalembedwanso m'Chichewa, ndi zithunzi za masamba aja a 1891, kuti zikasiyidwe kwa operekeza alendo ku Likhubula ndi ku sukulu yomwe ndidaphunzira. Mphunzitsi wanga wina ataona bajetiyo adati ikhoza kuoneka yonenepa kwa wophunzira wa digiri yoyamba. Ndachepetsa masiku anga ogona ku Blantyre, koma mzere wa woperekeza ndausiya momwe uliri.

Mwina mayina a anthu a 1891 aja sadzapezeka onse. Mabuku a malipiro a atsamunda kawirikawiri ankangolemba chiwerengero cha amtengatenga ndi mikono ya nsalu yomwe alandira. Koma ngakhale chiwerengero ndi poyambira: anali angati, adatengedwa kwa mfumu iti, mwezi uti, pa malipiro anji. Zimenezo ukaziika pambali pa zomwe mabanja akukumbukira, nkhope zimayamba kuoneka. Landeg White adachita zofanana ndi zimenezi polemba mbiri ya mudzi wa Magomero mu 1987, kulumikiza mafayilo ndi zokamba za anthu a pamudzipo.

Ndipo nthawi yake ndi ino. Mu Julaye 2025 UNESCO idaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, lachitatu m'Malawi pambuyo pa paki ya Nyanja ya Malawi mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni mu 2006. Chomwe chidalembetsa phirili ndi chikhalidwe, ubale wa Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe ndi phiri lawo. Kutanthauza kuti kubwera zikwangwani zofotokozera alendo, timabuku, mwinanso kanyumba ka chionetsero, ndipo wina adzalemba mawu a pamenepo. Mkungudza womwewo watsala pang'ono kutheratu m'phirimo chifukwa cha macheka ndi moto, moti omwe akukula pano ambiri ndi obzalidwa ndi manja. Nkhalamba zomwe zidaona nkhalango yake ili yowirira nazonso zikutha chaka ndi chaka, ndipo zina zidapita ndi madzi a Freddy mu Malichi 2023.

Za makalata a umboni ndinene mwachidule. Pemphani mphunzitsi amene adawerengapo ntchito yanu, osati amene ali ndi udindo waukulu koma sakudziwani nkhope. Mupatseni proposal yonse ndi mwezi wathunthu. Ndipo kalata yopita kwa katswiri wa ku myuziyamu ikhale yaifupi: ndinu ndani, mwaona chiyani m'katalogi yawo, mukufunsa chiyani. Yanga ili ndi ndime zitatu. Yachiwiri ikufunsa ngati pamodzi ndi masamba a Whyte padasungidwanso makalata kapena kabuku kake ka m'thengo, komanso ngati timapepala ta pa zomerazo tili ndi mayina a chikuda. Ndaiwerenga mokweza kangapo, ndachotsamo mawu onse opepesa, ndipo ndiitumiza Lolemba ndikagula bandulo. Tchuthi chikubwerachi amalume alonjeza kundiperekeza kwa gogo wina wa kutsidya kwa mtsinje wa Likhubula amene bambo ake ankacheka matabwa ku Chambe. Ati ndipite ndi shuga ndi sopo, ndipo foni ndisaitulutse tsiku loyamba.